Momwe mungadziwire ngati filimu yapanga phindu kapena yagwa chagada

Ine ndi alamu anga tinatha masabata atatu tikungoyankhana mwachidule chifukwa cha filimu. Kumapeto kwa 2023 iwo analemba pagulu lathu la pa WhatsApp kuti The Marvels yachita bwino, poti yapeza madola opitirira 200 miliyoni padziko lonse. Ine n'kuyankha kuti filimuyo yagwa chagada. Sipanathe mphindi, yankho linabwera: "Alamu, inu munayamba mwagwirapo madola 200 miliyoni? Pajatu dzulo lomweli mumandipempha ya bandulo." Gulu lonse linafa nacho chiseko, ine n'kusowa pogwira. Ndinkadziwa kuti ndikunena zoona, koma kufotokoza kwake kunandikanika. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndinayenera kuyankha tsiku limenelo.

Ndinakulira m'mavidiyo sho a ku Ndirande, pa benchi yopanda chotsamira, ndipo kumeneko filimu yabwino tinkaidziwa mosavuta: chipinda chadzaza, ena akusuzumira pa zibowo, mwini wake waibwereza masiku atatu otsatizana. Ku Hollywood nawonso amawerenga anthu olowa pakhomo, kungoti masamu awo ali ndi mbuna zingapo zimene munthu angagweremo.

Yambani ndi kudziwa kuti nambalayo ndi ya chiyani

Akati box office akunena ndalama za matikiti ogulidwa ku sinema, basi. Ganizirani chikwama cha kondakitala wa minibasi madzulo. M'chikwamamo muli ndalama zambiri ndithu, koma momwemo muchoka za mafuta, za dalaivala, za kondakitala yemweyo, za oitanira pa siteji, ndipo mwini galimoto alandira zotsala. Mukaona mutu wa nkhani woti filimu yapeza madola 500 miliyoni, mwaona chikwama chisanagawidwe.

Oyamba kutapa ndi eni masinema. Ku America kampani yopanga filimu imatenga pafupifupi theka la mtengo wa tikiti, nthawi zina kupitirirako pang'ono filimu ikakhala yaikulu. M'mayiko ena ambiri imatenga cha m'ma 40 pa 100 alionse. Ku China, mafilimu ochokera kunja amabweretsera eni ake cha m'ma 25 pa 100 alionse. Choncho chinthu choyamba chimene ine ndimachita ndikaona nambala ndi kuidula pakati. Ya 500 ija yasanduka 250 ndisanayambe n'komwe kufunsa zina.

Manambalawa musamawatenge pa zithunzi zoyenda pa Facebook. Tsegulani Box Office Mojo kapena The Numbers, onse ndi aulere ndipo satha bandulo kwambiri. Lembani dzina la filimu, muona mizere itatu: domestic, international, worldwide. Mawu akuti domestic amatanthauza America ndi Canada pamodzi. International ndi mayiko ena onse. Worldwide ndi kuphatikiza ziwirizo. Mikangano yambiri imene ndinaionapo imayamba chifukwa wina wagwira nambala ya domestic, mnzake wagwira ya worldwide, aliyense n'kumati winayo ndi wabodza.

Funani mpamba

Geni iliyonse timaiyeza ndi mpamba, filimunso chimodzimodzi. Pa Wikipedia kapena pa The Numbers mupeza budget, imene ndi ndalama zojambulira: malipiro a osewera, makamera, zovala, ntchito ya pakompyuta. Koma dziwani kuti ndalama zotsatsira sizikhalamo m'nambala imeneyo. Zikwangwani, ma trailer pa TV, maulendo a osewera kupita ku London, ku Seoul, ku Mexico City kukamwetulira atolankhani, zonsezo ndi thumba lina, ndipo pa filimu yaikulu thumbalo limaposa madola 100 miliyoni mosavuta.

N'chifukwa chake otsatira nkhanizi ali ndi kalamulo ka pamutu: filimu yaikulu imayenera kupeza mpamba wake kuwirikiza kawiri ndi theka kuti ingobweza zake. Ya madola 200 miliyoni ikufunika cha m'ma 500 miliyoni. Kalamuloka si ka m'Baibulo, ndi kongoyerekezera, koma kamakupulumutsani ku manyazi.

Chitsanzo chimene ndimakonda ndi John Carter ya mu 2012. Inapeza madola pafupifupi 284 miliyoni, mpamba wake unali cha m'ma 250 miliyoni. Wowerenga mwa alamu anga aja anena kuti yapindula 34 miliyoni. Koma a Disney eni ake analengeza kuti aluzapo pafupifupi madola 200 miliyoni. Tsopano ikani pambali pake Get Out, filimu yoopsa ya Jordan Peele, ya mu 2017. Inapeza madola 255 miliyoni, kuchepera John Carter, koma inajambulidwa ndi madola 4.5 miliyoni okha. Nambala za pakhomo zikufanana, koma wina akulira, wina akuvina. Ichi n'chifukwa chake makampani sasiya kupanga mafilimu oopsa a ziwanda ndi mizukwa: nyumba imodzi, osewera osatchuka asanu, mdima wambiri, mpamba wochepa.

Joker ya 2019 ndi yotsatira yake ya 2024 zimaonetsa mbali zonse ziwiri pa dzina limodzi. Yoyambayo inajambulidwa ndi ndalama zosafika madola 100 miliyoni n'kudutsa biliyoni imodzi. Yachiwiri inadya mpamba wa cha m'ma 200 miliyoni n'kupeza ndalama zongofanana ndi mpambawo. Wosewera wake yemweyo, Joaquin Phoenix, wotsogolera yemweyo, Todd Phillips.

Onani kumene ndalamazo zachokera

Apa sindichedwapo. Popeza China imabweza zochepa, madola 100 miliyoni a ku China sali ofanana ndi 100 miliyoni a ku America m'thumba la kampani ya ku Hollywood. Warcraft ya 2016 inapeza madola 47 miliyoni okha ku America ndi Canada, koma inaposa 200 miliyoni ku China. Pamodzi inafika 439 miliyoni, nambala yooneka bwino, koma gawo lachiwiri silinapangidwe mpaka lero.

Komanso musamaganize kuti mfumu ndi Hollywood yokha. Mu 2025 katuni ya ku China, Ne Zha 2, inadutsa madola 2 biliyoni, pafupifupi zonse m'dziko lakwawo lomwelo. Ku Nigeria, A Tribe Called Judah ya Funke Akindele inakhala filimu yoyamba ya Nollywood kudutsa ma naira 1 biliyoni m'masinema. Mukasintha kukhala madola nambalayo imaoneka yaing'ono, koma muiyeze ndi mpamba wake komanso msika wake, osati ndi Avatar. Ife kuno, filimu imene mwaikitsa pa memory card ku burning centre, yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a nthabwala aja, siwerengedwa paliponse. Mutha kuionera kakhumi, Box Office Mojo sidzakudziwani.

Wikendi yoyamba imanama, dikirani yachiwiri

Apa m'pamene pali nkhani, ndipo m'pamene anthu ambiri amapupuluma. Mafilimu ambiri ku America amatuluka Lachisanu. Opening weekend ndi ndalama za Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu, koma za Lachinayi usiku, zimene amati previews, amaziphatikiza ku Lachisanu. Nambala zimene zimatuluka Lamlungu, kuno kukakhala kuti kwada kale, ndi zongoyerekeza, chifukwa tsikulo limakhala lisanathe kwawoko. Zenizeni zimatuluka Lolemba. Ndinachitapo manyazi ndikulengeza kuti filimu ina yaposa inzake, Lolemba n'kupeza kuti zatembenuka.

Wikendi yoyamba imakuuzani za mphamvu ya kutsatsa ndi chikondi cha anthu amene anagula matikiti asanaone kalikonse. Ubwino wa filimuyo sunayesedwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimatuluka wikendi yachiwiri, oyamba aja atauza anzawo kuntchito ndi kusukulu ngati n'koyenera kupita.

Ndiye yang'anani kuti yatsika bwanji. Pa mafilimu aakulu, kutsika ndi theka ndi zachizolowezi. Ikatsika ndi zosakwana 40 pa 100, anthu aikonda. Ikadutsa 65, pali vuto. Batman v Superman ya 2016 inayamba ndi madola 166 miliyoni ku America ndi Canada, tonse tinati yaphwanya. Wikendi yachiwiri inatsika ndi 69 pa 100. Top Gun: Maverick ya 2022 inayamba ndi zocheperapo, cha m'ma 127 miliyoni, koma wikendi yachiwiri inangotsika ndi 29 pa 100, ndipo inakathera pa madola pafupifupi 1.5 biliyoni padziko lonse, pomwe ya Batman ija inathera pa 873 miliyoni.

Pali kasamu kena kophweka kamene mungachite pa foni. Tengani ndalama zonse za domestic, mugawe ndi za wikendi yoyamba. Achizungu amati filimu ili ndi miyendo, kunena kuti imayenda mtunda wautali. Batman v Superman inapeza 330 miliyoni, kugawa ndi 166, yankho ndi 2: miyendo yaifupi. Black Panther ya 2018 inayamba ndi 202 miliyoni n'kufika 700 miliyoni, yankho ndi 3.5, zomwe ndi zamphamvu kwambiri pa filimu imene inayamba ndi nambala yaikulu chotero. Top Gun: Maverick inaposa 5. Koma agogo a onse ndi Titanic. Inatuluka mu December 1997 ndi madola osakwana 29 miliyoni, pa mpamba wa 200 miliyoni, anthu ena n'kumati wotsogolera wake, James Cameron, wamira limodzi ndi sitima yake. Inakhala pamwamba masabata 15 otsatizana ndipo pa ulendo woyambawo inafika 600 miliyoni ku America ndi Canada kokha.

Mwezi nawo uli ndi mbali yake. Mafilimu otuluka pafupi ndi Khirisimasi amayamba mofatsa chifukwa anthu ali pa tchuthi, tsiku lililonse limakhala ngati Loweruka, palibe wothamangira. Avatar: The Way of Water, ya Cameron yemweyo, itayamba ndi 134 miliyoni ku America ndi Canada mu December 2022, panali anthu, ine ndemwe mmodzi mwa iwo, amene tinati zaka 13 chitulukireni Avatar yoyamba zachuluka, anthu anaiwala za anthu a buluu aja. Inakathera pa madola 2.3 biliyoni padziko lonse. Kuchokera pamenepo, filimu ya Cameron sindiinenera kanthu January asanathe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati simungathe kudikira sabata yathunthu, pali njira yachidule. Kampani yotchedwa CinemaScore imafunsa anthu otuluka m'sinema usiku woyamba ku America kuti apereke giredi, kuyambira A+ mpaka F, ndipo zotsatira zake zimamveka Loweruka. Muziwerenga mosamala, chifukwa ofunsidwawo ndi anthu amene anapita okha mwa kufuna kwawo, ndiye amakhala owolowa manja. Pa filimu ya ma superhero, B si giredi yabwino ngati kusukulu, ndi chenjezo. Joker yachiwiri ija inapatsidwa D, ndipo pofika Loweruka m'mawa aliyense anadziwa kumene ikulowera. Mafilimu oopsa okha ndi amene amatha kupeza C koma n'kuchitabe bwino. Za Rotten Tomatoes, tsamba losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, kumbukirani kuti 90% sikutanthauza kuti filimu yakhoza 90 pa 100. Ikutanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100, okwana 90 anati n'njabwinoko kusiyana ndi kuipa.

Musayerekeze zaka mwachisawawa

Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa za kugwa mphamvu kwa ndalama, tinaona zimene zinachitika kwacha itatsitsidwa ndi 44 pa 100 mu November 2023. Dola nayo imagwa, kungoti pang'onopang'ono. Tikiti ku America inali pafupifupi madola 4.59 mu 1997, pofika 2019 inali 9.16. Onjezanipo matikiti a IMAX ndi 3D amene ndi okwera mtengo. Choncho filimu ya lero ikaposa ya kale pa madola, sizikutanthauza kuti anthu ochuluka anaionera. Akawerengera kukwera kwa mitengo, imene imakhala pamwamba ndi Gone with the Wind ya 1939.

Palinso kubwereza. Avengers: Endgame inayamba ndi madola 1.2 biliyoni padziko lonse m'masiku ochepa oyamba, ndipo mu July 2019 inadutsa Avatar n'kukhala yoyamba, pa madola pafupifupi 2.8 biliyoni. Mu March 2021 Avatar inaonetsedwanso ku China n'kulanda mpando wake. Lero ili pa 2.9 biliyoni. Wina akakuuzani kuti Endgame ndiyo yoyamba, sakunama kwenikweni, wangotsalira zaka zingapo.

Za osewera

Pagulu lathu nkhani ya amene wasankhidwa kusewera ndiyo imatentha kuposa ya ndalama, ndipo ndiyo imene mabodza amachuluka. Masiku ano munthu amapanga chikwangwani pa foni ndi AI, n'kuika nkhope ya wosewera wotchuka m'zovala za Superman, anthu n'kugawana kambirimbiri. Pa YouTube pali ma trailer olembedwa timawu ting'onoting'ono takuti concept, kutanthauza kuti ndi opeka. Ine ndimakhulupirira nkhani ikatuluka ku Variety, The Hollywood Reporter, Deadline kapena patsamba la kampani yeniyeniyo. Ndipo ngakhale kumeneko, mawu akuti in talks amatanthauza kuti akukambirana, sanasainirane. Zili ngati chibwenzi chimene ankhoswe sanakumane.

Nkhani ikatsimikizika, musafulumire kutukwana. Daniel Craig atalengezedwa mu 2005 kuti ndiye James Bond watsopano, anthu anakwiya mpaka kudandaula za mtundu wa tsitsi lake. Skyfall ya 2012 inadutsa madola 1.1 biliyoni. Heath Ledger atasankhidwa kukhala Joker mu 2006 ankamunena kuti ndi mnyamata wa mafilimu achikondi. The Dark Knight itatuluka mu 2008 anapata mphoto ya Oscar, iye atamwalira kale. Komabe sikuti odandaula amalakwa nthawi zonse. Trailer ya Sonic the Hedgehog itatuluka mu 2019, anthu anakana maonekedwe a Sonic, makamaka mano ake onga a munthu. Kampani inamva, inasuntha filimuyo kuchoka November 2019 kufika February 2020, n'kukonzanso, ndipo inachita bwino mpaka kubala zina zotsatira.

Chimene ndasiya kukhulupirira n'chakuti dzina la wosewera palokha limadzaza sinema. Robert Downey Jr. anachoka mu Endgame ali pamwamba pa dziko lonse. Patangotha miyezi isanu ndi inayi, Dolittle, ya mpamba wa madola 175 miliyoni, inapeza cha m'ma 250 miliyoni. Wirikizani 175 kawiri ndi theka muone pamene inalekera. Anthu ankalipirira Iron Man, amene iye ankasewera mu Endgame, osati dzina lake.

Osewera akuluakulu ambiri amalandira malipiro awiri: oyamba posaina, ena malinga ndi mmene matikiti agulidwira. Ichi n'chimene chinachititsa Scarlett Johansson kusumira Disney mu July 2021, Black Widow itatulutsidwa m'masinema ndi pa Disney+ tsiku limodzi. Anagwirizana kunja kwa khoti patatha miyezi iwiri. Ndiye manambala amene ife timakanganirana mwamasewerawa, kwa ena ndi malipiro.

Pamene masamuwa sagwira ntchito

Mafilimu opangidwira Netflix ndi ena otere alibe box office yoti muwerenge. The Boy Who Harnessed the Wind, ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, imene Chiwetel Ejiofor anajambulira kuno kwathu, anthu ambiri padziko anaionera pa Netflix mu 2019. Mukaifuna pa mndandanda wa matikiti mungaganize kuti palibe anaionera. Ifeyo tinakanganapo kwambiri, koma nkhani inali ya katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunja, ndi kusankhidwa kwa Maxwell Simba wa ku Kenya kukhala William. Ine ndinali mbali ya odandaula mpaka nditaganiza kuti ndi kangati ndinamvapo Chichewa, ngakhale chopotoka, mu filimu imene anthu a ku Brazil ndi ku Japan akuonera.

Komanso filimu ikachoka m'sinema imapitiriza kupeza ndalama kudzera pa TV, pa intaneti, zidole ndi zovala. The Shawshank Redemption ya 1994 inalephera kubweza mpamba wake wa madola 25 miliyoni pa ulendo woyamba m'sinema, koma inadzatchuka pa makaseti ndi pa TV mpaka kukhala pamwamba pa mndandanda wa IMDb, tsamba limene oonera amaperekapo mavoti ku mafilimu, kwa zaka zambiri. Choncho mukamati filimu yagwa, nenani momveka kuti yagwa pa matikiti. Ubwino wake ndi mkangano wina, ndipo umenewo sufuna kalikyuleta.

Tibwerere kwa alamu anga

Nditaphunzira zonsezi ndinawalembera mwaulemu, mzere ndi mzere. The Marvels inapeza madola 206 miliyoni padziko lonse. Dulani pakati, kampani yatsala ndi cha m'ma 100 miliyoni. Mpamba unaposa 200 miliyoni, kutsatsa kusanawerengedwe. Inayamba ndi 46 miliyoni ku America ndi Canada, yotsika kuposa filimu ina iliyonse ya Marvel Studios mpaka nthawi imeneyo, n'kutsika ndi 78 pa 100 wikendi yachiwiri. CinemaScore inapereka B. Captain Marvel ya 2019, imene iyi inali kuitsatira, inayamba ndi 153 miliyoni kumeneko n'kudutsa 1.1 biliyoni padziko lonse.

Ndinaona timizere tiwiri tasanduka buluu, kenako zii tsiku lonse. Madzulo anayankha: "Chabwino alamu, mwawina. Koma ine filimuyo inandisangalatsa, makamaka amphaka aja." Sabata yotsatira anabwera kunyumba ndi nkhuku yamoyo, tinadya nsima, n'kuyamba kukangana za amene ayenera kukhala James Bond wotsatira.